Kamuzu: dotolo ndi nkhoswe ya amayi amene adatseka khomo la kulera

Tsiku la sikelo likakwana pachipatala cha Kabudula, kapena alangizi a zaumoyo akafika m'midzi ya ku Nsaru, Mpingu ndi Nambuma, si zachilendo kuona amayi ali pamzere, mwana kumsana, buku la kuchipatala m'manja, akudikira jakisoni wa kulera. Ena amasankha mapiritsi, ena kachipangizo koika pamkono. Kwa atsikana a masiku ano, izi zimaoneka ngati zidakhalapo kuyambira kalekale.

Koma agogo awo akudziwa kuti sizidali choncho. Kwa zaka zambiri dziko lino litalandira ufulu wodzilamulira, njira zamakono zolerera zidali zoletsedwa. Amene adaletsa sadali mbusa kapena mfumu ya m'mudzi ayi. Adali dotolo wophunzira bwino ku America ndi ku Britain, mtsogoleri amene ankadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'Malawi, Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda.

Mbiri ya Kamuzu pandale idakambidwa kambirimbiri. Mbali imene sikambidwa kawirikawiri ndi ya momwe adagwirira nkhani ya uchembere, komanso lamulo la zochotsa mimba limene adalipeza, nalisiya momwe lidalili.

Kamuzu wa mankhwala

Kamuzu adabadwira ku Kasungu cha m'ma 1898, ngakhale kuti boma lake linkakondwerera kubadwa kwake pa 14 May n'kumati adabadwa mu 1906. Bambo ake adali a Mphonongo Banda ndipo mayi ake adali a Akupingamnyama Phiri.

Dzina lake lenilenilo likukhudza za uchembere. Olemba mbiri yake amati mayi ake adakhala nthawi osaona mwana, mpaka sing'anga adawapatsa mankhwala a mizu. Mwana atabadwa adamutcha Kamuzu, kutanthauza muzu waung'ono. Dzina la Hastings adalitenga pobatizidwa, potengera mmishonale wina wa ku Scotland, John Hastings.

Adayamba sukulu ku Mtunthama, kenaka ku Chilanga, sukulu zimene zidali pansi pa mishoni ya Livingstonia. Cha m'ma 1915 adachoka kwawo wapansi kulowera ku Southern Rhodesia, komwe adapeza ntchito yosesa pachipatala cha Hartley, tauni imene lero imatchedwa Chegutu. Akuti kumeneko ndiko adaona momwe odwala achikuda ankavutikira, ndipo mtima wofuna udotolo udayambira pomwepo.

Kuchoka apo, iye ndi malume ake, Hanock Msokera Phiri, adapitirira ku South Africa komwe adagwira ntchito kumigodi. Mpingo wa African Methodist Episcopal udamuthandiza kupita ku America mu 1925. Adaphunzira ku Wilberforce, ku Indiana ndi ku yunivesite ya Chicago, ndipo mu 1937 adamaliza maphunziro a udotolo ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville.

Kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain adayenera kukhalanso ndi mapepala a kumeneko, choncho adapita ku Edinburgh komwe adamaliza mu 1941. Cholinga chake chidali chobwerera kumudzi kudzathandiza odwala, koma zidakanika. Anamwino achizungu a ku Livingstonia adakana kugwira ntchito pansi pa dotolo wachikuda, ndipo boma la atsamunda silidafune kumupatsa ulemu wofanana ndi madotolo achizungu.

Zimene adaziona ku Britain

Atalephera kubwera kwawo, Kamuzu adagwira ntchito ku Liverpool, ku North Shields, kenaka kuyambira 1945 ku London, komwe adali ndi odwala zikwi zingapo, ambiri mwa iwo azungu. Ankadziwika kuti ndi dotolo waulemu ndiponso wachifundo kwa osauka.

Britain imene ankagwiramo ntchitoyo idali itayamba kale kukambirana za kulera. Marie Stopes adatsegula chipatala choyamba cha kulera ku London mu 1921, ndipo pofika zaka za m'ma 1940 zipatala zotere zidali m'mizinda yambiri.

Nayo nkhani yochotsa mimba idali mkamwamkamwa pakati pa madotolo. Mu 1938, nthawi imene Kamuzu ankayamba moyo wake wa ku Britain, dotolo wina wotchuka wa amayi, Aleck Bourne, adachotsa mimba ya mtsikana wa zaka 14 amene adagwiriridwa ndi asilikali. Bourne adadziwitsa yekha apolisi kuti khoti liunike lamulo. Khoti lidamupeza wosalakwa, ndipo woweruza adafotokoza kuti kupulumutsa moyo wa mayi sikutanthauza kumuchotsa pakamwa pa imfa pokha, komanso kumuteteza kuti thupi kapena maganizo ake asaonongeke kotheratu. Chigamulochi chidatsogolera madotolo a ku Britain kwa zaka pafupifupi 30.

Ali ku Britain komweko, Kamuzu sadaiwale mwambo wa kwawo. Mu 1946, iye ndi mmishonale T. Cullen Young adatulutsa buku la Our African Way of Life, momwe adalongosola za chikhalidwe cha Achewa, kuphatikizapo udindo wa nkhoswe pa mbumba yake. Mwa Achewa, mwamuna amayang'anira alongo ake ndi ana awo, amawaimira pamilandu, ndipo zikavuta kubanja amathamangira kwa iye. Ganizo limeneli ndilo adadzalikulitsa atatenga dziko.

Mu 1953 adasamukira ku Kumasi m'dziko la Ghana, ndipo pa 6 July 1958 adatera pabwalo la ndege la Chileka ataitanidwa ndi achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress. Adatsegula chipatala chake ku Limbe, koma ndale zidamutenga. Pa 3 March 1959 adamangidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo. Chaka chomwecho masisitere a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg adayambitsa chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene mpaka lero chikuthandiza amayi oyembekezera a kumadzulo kwa Lilongwe. Kamuzu adatulutsidwa pa 1 April 1960, adakhala nduna yaikulu mu 1963, ndipo pa 6 July 1964 dziko lidalandira ufulu.

Nkhoswe ya amayi onse

Palibe amene angakane kuti Kamuzu adaika amayi patsogolo pamisonkhano yake. Ankawatcha mbumba yake, iye nkhoswe yawo. Ankachenjeza amuna ozunza akazi, ndipo amayi ambiri a m'midzi ankaona kuti ali ndi kodandaulira. Atsogoleri ena a ligi ya amayi adamangiridwa nyumba, ena adakwera ndege koyamba chifukwa cha iye. Mu 1985 kudabadwa bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi motsogozedwa ndi Mama Cecilia Kadzamira.

Pazaumoyo adasiyanso zooneka ndi maso. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chidatsegulidwa ku Lilongwe mu 1977, sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing mu 1979, ndipo sukulu ya madotolo ya College of Medicine idayamba mu 1991. Sikelo za ana zidafika m'midzi, ndipo azamba a m'midzi adayamba kupatsidwa maphunziro.

Koma nkhoswe imeneyi inkafunanso kuti mbumba imvere. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Amayi ankachotsedwa kumunda ndi kuntchito kuti akayeserere magule. Ndipo pankhani ya kuchuluka kwa ana amene mayi angabereke, nkhoswe ndiyo idagamula m'malo mwa mbumba.

Kutseka khomo la kulera

M'zaka za m'ma 1960 ntchito ya kulera idali itayamba pang'onopang'ono m'zipatala zina m'dziko muno, koma boma la Kamuzu lidailetsa. Akatswiri amene adafufuza za nthawiyo amapereka zifukwa zingapo. Kamuzu ankakhulupirira kuti dziko la Malawi lili ndi nthaka yabwino yokwanira kudyetsa anthu ambiri, bola alimbikire kumunda. Ankaonanso njira za kulera ngati zinthu zachilendo zimene zingaononge mwambo ndi kulimbikitsa chiwerewere. Pamwamba pa izo, anthu ambiri mu Africa panthawiyo ankakayikira kuti azungu akufuna kuchepetsa chiwerengero cha anthu akuda.

Kalembera wa 1966 adapeza anthu 4 miliyoni okha m'dziko muno. Kwa mtsogoleri amene chuma chake chidatsamira pa khasu, ana ambiri ankatanthauza manja ambiri kumunda. Chigwa cha Lilongwe chidali chitsanzo chake. Kuyambira 1968, ndi ngongole ya World Bank, boma lidayendetsa ntchito yaikulu yotukula ulimi ya Lilongwe Land Development Programme. Misewu ya m'midzi idalambulidwa, mijigo idakumbidwa, misika ya mbewu idamangidwa, alimi adalandira ngongole za feteleza kuti alime chimanga, mtedza ndi fodya. Alangizi ankaphunzitsa mlimi kutalikitsa mapando a chimanga, koma namwino sankaloledwa kupereka mankhwala othandiza mayi kutalikitsa ana.

Maiko ena adatenga njira ina. Kenya idayamba ndondomeko ya kulera ya dziko lonse mu 1967. Ghana, komwe Kamuzu adakhalako, idakhazikitsa mfundo zake za chiwerengero cha anthu mu 1969. Mu 1968, msonkhano wa United Nations wa za ufulu wachibadwidwe ku Tehran udagwirizana kuti makolo ali ndi ufulu wosankha okha chiwerengero cha ana awo komanso nthawi yowabereka.

Chodabwitsa n'chakuti kulera sikudali kwachilendo kwa Achewa amene Kamuzu ankanyadira mwambo wawo. Ku Kabudula, ku Nsaru ngakhalenso kwawo ku Kasungu, banja likalandira mwana linkadika mpaka mwambo wotenga mwana utachitika. Mayi ankayamwitsa nthawi yaitali. Kutumbiza, kapena kuti kutenga pathupi mwana wina akadali wakhanda, chidali chinthu chamanyazi, ndipo anamkungwi ankadzudzula banja lotero poopa kuti mwana anyentchera. Amayi ena ankamanga mkuzi wa mankhwala m'chiuno kuti asatenge mimba msanga. Makolo ankadziwa kuti thupi la mayi limafuna kupuma. Chimene chidaletsedwa ndi njira zodalirika zochitira zomwe mwambo unkafuna kale.

Zotsatira zake zidaoneka m'mawerengero a boma lomwelo. Kalembera wa 1977 adapeza anthu 5.5 miliyoni, ndipo mayi mmodzi ankabereka ana pakati pa 7 ndi 8 pamoyo wake. Pofika 1987 anthu adali pafupifupi 8 miliyoni. Minda idayamba kuchepa, makamaka pomwe malo ambiri m'chigawo chapakati adasanduka maesiteti a fodya.

Lamulo la 1930

Pomwe kulera kudali koletsedwa, khomo lina lidali lotsekedwa kale. Buku la malamulo a milandu la Penal Code, limene atsamunda adalikhazikitsa mu 1930, lidatengera lamulo la ku England la 1861 pankhani yochotsa mimba.

Gawo 149 limati wochotsa mimba ya mayi akhoza kukhala kundende zaka 14. Gawo 150 limapereka zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha kapena wolola kuti amuchotse. Gawo 151 limapereka zaka zitatu kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Mpata wokha uli m'gawo 243, limene limateteza munthu wochita opaleshoni mokhulupirika ndi mwaluso pofuna kupulumutsa moyo wa mayi.

Kamuzu sadali munthu woopa kusintha malamulo a atsamunda. Adasintha malamulo oyendetsera dziko mu 1966, adapatsa makhoti a mafumu mphamvu zoweruza milandu yakupha ndi youkira boma, ndipo mu 1971 adakhala pulezidenti wamuyaya. Koma magawo a zochotsa mimba sadawakhudze m'zaka 30 zonse za ulamuliro wake.

Eni ake lamulolo adalisintha. Britain idakhazikitsa lamulo latsopano mu 1967 lolola madotolo kuchotsa mimba pazifukwa zingapo. Zambia, dziko limene mzere wake wa malire uli kungodutsa Mchinji pamsewu wa ku Namitete, idachita chimodzimodzi mu 1972 pansi pa Kenneth Kaunda, ngakhale kuti lamulo lawo limafuna madotolo atatu kuti avomereze.

Kuno kwathu, mayi wotopa ndi uchembere adalibe mapiritsi, ndipo akatenga pathupi posafuna adalibe kolowera. Mtsikana wa sukulu akapezeka ndi mimba ankachotsedwa osabwereranso, mpaka mu 1993 pomwe boma lidalola kuti otere azibwerera m'kalasi akabereka. Ambiri ankathamangira kwa asing'anga, kumwa zitsamba zowawa kapena kugwiritsa ntchito timitengo. Zikavuta ankabisa poopa apolisi ndi manyazi, ndipo pofika kuchipatala pa ngolo kapena pamachira, magazi amakhala atatha kapena chiberekero chitaola. Kumaliro anthu ankangoti adadwala m'mimba.

Kubwerera m'mbuyo kwa 1982

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 chuma chidayamba kugwedezeka. Mitengo ya mafuta idakwera, nkhondo ya ku Mozambique idasokoneza njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mvula idavuta mu 1980. Maiko ndi mabungwe othandiza adayamba kufunsa za kukwera kwa chiwerengero cha anthu. Madotolo ndi anamwino a m'dziko muno, amene ankaona amayi ndi makanda akufa tsiku ndi tsiku, nawonso ankalankhula mwakachetechete.

Akuluakulu a unduna wa zaumoyo adapeza njira yofikira kwa Ngwazi. Sadanene zochepetsa ana ayi. Adanena zotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake pofuna kuteteza moyo wa mayi ndi mwana, monga momwe makolo ankachitira. Mu 1982 boma lidavomereza ndondomeko imeneyi, ndipo idalowa m'ntchito za sikelo ya amayi ndi ana.

Khomo lidatseguka pang'ono chabe. Poyamba thandizoli lidali la amayi apabanja, ankayang'ana msinkhu wa mayi ndi ana amene ali nawo, ndipo pankafunika chilolezo cha mwamuna. Ndi ogwira ntchito ochepa okha amene ankaloledwa kulipereka, choncho mayi wa kumudzi ankayenda mtunda wautali. Zipatala za mpingo wa Katolika, zimene ndi zambiri m'madera a kumidzi, zimatsata chiphunzitso cha mpingowo cholola njira zachilengedwe zokha.

Mu 1987 kudabwera bungwe la Banja La Mtsogolo, logwirizana ndi bungwe la ku London limene panthawiyo linkatchedwa dzina la Marie Stopes uja. Mu 1992 malamulo a kulera adafewetsedwa ndipo zoti mwamuna asainire zidachotsedwa. Apa n'kuti matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, atafalikira kale pomwe nkhani za kugonana ndi makondomu zidali zovuta kuzikamba poyera.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 1992 akuonetsa momwe Kamuzu adasiyira zinthu. Mwa amayi 100 apabanja, 7 okha ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolerera. Mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7. Mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asadakwanitse zaka zisanu, ndipo amayi 620 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo.

Kalata ya maepiskopi a Katolika ya March 1992 idatsegula pakamwa pa Amalawi. Pa 14 June 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 Kamuzu adagonja kwa Bakili Muluzi, navomereza kugonjako mwaulemu. Adamwalira pa 25 November 1997 kuchipatala cha Garden City ku Johannesburg. Sadakwatire poyera ndipo sadasiye mwana amene iye adamuvomereza.

Zimene zidasintha iye atachoka

Chaka cha 1994 dziko lino lidakhazikitsa mfundo zake zoyamba za chiwerengero cha anthu, chaka chomwe maiko adakumana ku Cairo n'kugwirizana kuti uchembere wabwino ndi nkhani ya ufulu wa munthu. Kuyambira pamenepo, amayi a ku Malawi adaonetsa kuti chimene chinkasowa si mtima wofuna kulera koma mwayi. Ogwiritsa ntchito njira zamakono adakwera kufika 26 mwa 100 alionse mu 2000, 42 mu 2010 ndi 58 pakafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Panthawi imeneyi mayi mmodzi ankabereka ana anayi kapena asanu. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ataloledwa kubaya jakisoni wa kulera, thandizo lidafika pafupi ndi khomo la mayi wa ku Nsaru ndi ku Nambuma.

Imfa za amayi pauchembere zidakwera kaye kufika 1,120 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2000, nthawi imene Edzi idali pachimake, kenaka zidatsika kufika 675 mu 2010 ndi 439 pakafukufuku wa 2015 mpaka 2016.

Lamulo la 1930 lokha ndilo lidakakamira. Kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher adapeza kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zidachotsedwa m'dziko muno, zambiri mwa njira zobisa, ndipo amayi 6 mwa 10 alionse adakumana ndi zovuta zofunika thandizo la chipatala. Ofufuzawo adati pakati pa 6 ndi 18 mwa imfa 100 zilizonse za uchembere zimachokera ku kuchotsa mimba mosatetezeka. Zipatala za boma zimathandiza amayi otere akafika, ndipo ndalama zochizira mabala amenewa zimachokera m'thumba lomwelo logulira mankhwala a odwala ena.

Mu 2005 Malawi idavomereza pangano la Maputo la maiko a mu Africa, limene gawo 14 limapempha maboma kulola kuchotsa mimba kuchipatala ngati mayi wagwiriridwa, wapatsidwa mimba ndi wachibale, kapena ngati moyo ndi thanzi lake zili pachiswe. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 lidati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira thandizo la uchembere wabwino. South Africa idasintha lamulo lake mu 1996 ndipo Mozambique mu 2014.

Mu 2015, komiti yapadera ya Law Commission, momwe mudali madotolo, maloya, mafumu ndi oimira zipembedzo, idalemba bilu yolola kuchotsa mimba pazifukwa zowerengeka: kupulumutsa moyo wa mayi, kuteteza thanzi lake la m'thupi ndi m'maganizo, mwana akapunduka kwambiri moti sangakhale ndi moyo, ndiponso mimba yobwera chifukwa chogwiriridwa kapena kugonedwa ndi wachibale. Biluyi sidalole kuchotsa mimba chifukwa cha umphawi kapena kungofuna chabe.

Mipingo yambiri idakana. Mu December 2016 maepiskopi a Katolika ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi adatsogolera zionetsero m'mizinda, ponena kuti moyo umayamba pomwe mayi watenga pathupi ndipo gawo 16 la malamulo aakulu a dziko limateteza moyo wa aliyense. Ofuna kusintha lamulo amayankha kuti mayi amene akumwalira kuseri kwa nyumba nayenso ali ndi moyo wotetezedwa ndi gawo lomwelo. Mu March 2021 phungu Matthews Ngwale adayesa kubweretsa biluyi m'Nyumba ya Malamulo, koma aphungu adakana ngakhale kuikambirana.

Aphungu atakhala chete, nkhaniyi idalowera kukhoti. Mu October 2025 bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre lidagamula kuti kukaniza mwana wamkazi wogwiriridwa thandizo lochotsa mimba mosamalitsa n'kuphwanya ufulu wake pansi pa lamulo la 2013 lija, ndipo lidalamula unduna wa zaumoyo kukonza malangizo a ogwira ntchito m'zipatala. Funso limene khotilo lidayankha ndi lofanana ndi lija Aleck Bourne adapita nalo kukhoti ku London zaka 87 m'mbuyomo.

Mlandu wa nkhoswe

Kumuweruza Kamuzu pankhaniyi kumafuna chilungamo. Adabadwa m'nthawi imene mwana ankafunidwa ndi mizu, ndipo makolo ankabereka ambiri podziwa kuti ena awaika m'manda. Adakula m'chiphunzitso chokhwima cha mpingo wa ku Scotland, momwe adadzakhala mkulu wa mpingo. Atsogoleri ena a mu Africa nawonso ankakayikira za kulera. Ndipo boma lake lomwelo ndilo lidatsegula khomo mu 1982.

Komabe, mwa atsogoleri onse a nthawi yake, iye ndiye adali ndi chifukwa chochepa chonenera kuti sankadziwa. Adali dotolo. Ankadziwa zimene mimba zotsatizana zimachita pathupi la mayi, ndipo adagwira ntchito m'dziko momwe amayi ankalandira kale thandizo limene adadzawamana amayi a kwawo. Mawu ake okha adali lamulo, moti akadafuna, zinthu zikadasintha tsiku limodzi. Mwa Achewa, nkhoswe imayesedwa ndi momwe mbumba yake ikukhalira, osati ndi nyimbo zimene mbumbayo ikuiyimbira.

Koma mlandu wa lamulo la 1930 sungakhale wa Kamuzu yekha. Iye adachoka pampando mu 1994, ndipo chichokereni chake anthu asanu alamulirapo dziko lino: Bakili Muluzi, Bingu wa Mutharika, Joyce Banda, Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera. Palibe mwa iwo amene adafafaniza kapena kukonza magawo 149, 150 ndi 151.

Thupi la Kamuzu lagona pachiliza chimene chidatsegulidwa mu 2006 mumzinda wa Lilongwe, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Mayi wa ku Kabudula lero akhoza kusankha yekha nthawi yoberekera, ufulu umene amayi ake adamanidwa kwa zaka zambiri. Koma mayi wa ku Mpingu kapena ku Namitete amene wagwiriridwa, kapena amene mimba ikumuonongera thanzi, akudalirabe momwe dotolo wa pachipatala angamvere lamulo lolembedwa ndi atsamunda. Mphamvu yokonza lamulolo tsopano ili ndi aphungu amene anthu a m'madera amenewa amawasankha okha.